Mafunso Anu: Mkangano wa Malamulo Atsopano a Dungeons & Dragons

Makalata onse amene alowa m'gawo lino ulendo uno akukamba nkhani imodzi, yomwe ndi malamulo okonzedwanso a masewera a Dungeons & Dragons komanso mkangano umene malamulowo autsa pakati pa anthu okonda masewerawa. Kwa amene sanakhalepo patebulo lotere, awa ndi masewera amene anthu anayi kapena asanu amakhala pamodzi, aliyense ali ndi mtengambali wake wolembedwa papepala, ndipo mmodzi mwa iwo, amene amatchedwa Dungeon Master kapena DM mwachidule, amasimba nthano, kuyankhulira adani ndi kugamula pamene pali chikayiko. Wosewera akanena chimene mtengambali wake akufuna kuchita, dayisi ya mbali 20 ndiyo imanena ngati chatheka kapena chalephereka. Masewerawa anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974, ndipo lero mwini wake ndi kampani ya Wizards of the Coast, imene ili pansi pa Hasbro. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Bambo mlembi, ndakhala ndikuyendetsa masewera a anzanga kwa zaka 7 pogwiritsa ntchito mabuku a 2014. Tsopano awiri mwa osewera anga akuti mabuku amenewa anatha ntchito ndipo tigule atsopano. Anthu ena akuti chasintha ndi chikuto chokha, pamene ena akuti awa ndi masewera ena kotheratu. Ndimvere ndani? — Woyendetsa masewera

YANKHO: Achimwene, magulu onse awiriwa akukokomeza. Mabuku atatu akuluakulu analembedwanso ndithu: Player's Handbook linatuluka mu Seputembala 2024, Dungeon Master's Guide mu Novembala chaka chomwecho, ndipo Monster Manual linatsekera mu Febuluwale 2025. Kampaniyi inakana kuwatcha mabukuwa kuti ndi mndandanda wachisanu ndi chimodzi wa malamulo, inati ndi wachisanu womwe uja wa 2014 wongokonzedwa, ndipo pamenepa inanena zoona chifukwa msana wa masewera sunakhudzidwe. Mumaponyabe dayisi ya mbali 20 n'kuwonjezerapo nambala ya papepala lanu, ntchito za atengambali zimene buku limazitcha ma class zikadali 12, malevulo (masitepe amene mtengambali amakwera mphamvu zake zikamakula) akadali 20, ndipo nthano zimene munagula kale mukhoza kuziyendetsa osang'amba tsamba ndi limodzi lomwe.

Koma mnofu umene uli pamsanawo si womwe uja. Nthambi za ma class (njira zimene mtengambali amasankha mkati mwa class yake), zimene m'buku latsopano zilipo 48, zonse tsopano zimayamba pa levulo 3, pamene kale atengambali a ma class a cleric, sorcerer ndi warlock ankasankha nthambi yawo pa levulo 1. Matsenga ochiritsa a Cure Wounds anawonjezedwa kuchoka pa dayisi imodzi ya mbali 8 kufika pa awiri. Munthu amene wadzidzimutsidwa ndi adani sakhalanso manja lende pa danga lake loyamba (mpata wake woyamba wochitapo kanthu) monga zinkakhalira, amangochedwa kulowa m'nkhondo. Chachikulu kuposa zonsezi ndi chimene achitcha Weapon Mastery, chimene chapatsa chida chilichonse khalidwe lake mwa makhalidwe 8. Chida china chimakankha mdani mafiti 10, china chimamugwetsa pansi akalephera kudziteteza, china chimamupweteka pang'ono ngakhale womenyayo ataphonya. Kwa zaka zambiri anthu osewera ankhondo wamba ankadandaula kuti anzawo amatsenga ali ndi zosankha zodzaza masamba pamene iwo amangoti "ndikumenya" usiku wonse, ndipo apa dandaulo lawo linamveka. Komabe walira mvula walira matope. Pamene wankhondo amenya katatu pa danga limodzi ndi chida chogwetsa, inu a DM mumayenera kuponyera mdaniyo dayisi katatu, n'kukumbukiranso amene wagwa, amene wachedwetsedwa ndi amene wafooketsedwa. Ma DM ambiri amene akudandaula akunena za katundu ameneyu, ndipo ine ndikugwirizana nawo kuti nkhondo imatalika, makamaka m'masabata oyamba anthu asanazolowere.

Mabuku anu a 2014 sanathe ntchito, ndipo palibe amene adzabwere kudzawachotsa pashelefu yanu. Buku lililonse latsopano linatuluka pa mtengo wa $49.99 ku America, choncho atatu onse si ndalama yoti munthu angoiponya chifukwa cha phokoso la anzake. Malamulo oyambira a 2024 akupezeka mwaulere pa tsamba la pa intaneti la kampaniyi lotchedwa D&D Beyond. Awerengeni nokha, poti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo muyese kanthano kafupi ka masiku atatu ndi atengambali atsopano musanagamule za nthano yanu yaitali.

FUNSO: Akulu a gawo lino, mtengambali wanga ndi paladin (wankhondo wokhalanso ndi matsenga) amene ndamusewera zaka 2. DM wathu wasinthira ku malamulo atsopano pakati pa nthano, ndipo mphamvu imene ndinkaikonda, Divine Smite, yafooketsedwa. Ndinakwiya mpaka ndinajomba masewera kawiri. Anzanga akuti ndikuchita zachibwana. Kodi ndikulakwa? — Mayi wosewera paladin

YANKHO: Mayi, simukuchita zachibwana, ndipo simuli nokha, chifukwa kusintha kumeneku ndi kumodzi mwa kumene kunautsa mkwiyo waukulu bukuli litangotuluka. Mu 2014 paladin akamenya mdani ankatha kutentha mphamvu yake ya matsenga nthawi yomweyo n'kuwonjezera madayisi awiri a mbali 8 kapena kuposerapo, ndipo ankatha kutero pa kumenya kulikonse kumene kwalasa, ngakhale kawiri pa danga limodzi. Mu 2024 Divine Smite yasanduka tsenga ngati ena onse ndipo imadya bonus action (chochita chowonjezera chimene mtengambali amakhala nacho chimodzi chokha pa danga lake), kutanthauza kuti imatheka kamodzi kokha pa danga, ndiponso mdani wamatsenga akhoza kuyesa kuithetsa.

Ululu wake ndinauona ndi maso patebulo langa. Mnzathu wina anali atagwiritsa ntchito bonus action yake kudzutsa mnzake amene anakomoka pankhondo, kenako anaponya dayisi yomenyera ndipo inagwa pa 20, nambala imene imawirikiza madayisi ovulaza. Tebulo lonse linakuwa. Iye anali atatola kale madayisi anayi a mbali 8 n'kumawapukusa m'manja pamene ndinamukumbutsa kuti bonus action yapita. Anawabweza patebulo imodziimodzi osanena kanthu, ndipo usiku wonsewo anangokhala chete akufufutafufuta papepala lake ndi kumbuyo kwa pensulo. Lamulo ndinaligamula molondola, koma ndinapita kukagona mtima uli wolemera, chifukwa ndinadziwa kuti chimene chinamulanda chimwemwe ndi chisankho chabwino chimene anachita populumutsa mnzake.

Ngakhale zili choncho, ndiyenera kukuuzaninso mbali imene anthu okwiya satchula. Paladin wa 2014 ankatha kugwetsa mdani wamkulu amene DM anamukonzekera sabata yonse anzake asanagwire n'komwe madayisi awo, ndipo kenako ankakhala wopanda mphamvu tsiku lonse la m'nthano. Paladin wa 2024 wapatsidwa Smite imodzi yaulere pa kupuma kulikonse kwakutali, malire akale a madayisi asanu achotsedwa, kuchiritsa kwa Lay on Hands sikumulandanso mwayi womenya, ali ndi Weapon Mastery, ndipo pa levulo 5 amalandira tsenga loitanira hatchi yake. Mukawerenga zonse pamodzi mupeza kuti sanasauke, wangotaya kugunda kwakukulu kuja kwa danga limodzi. Tsoka lake n'lakuti kugunda kumeneko ndiko kumene anthu ambiri anasankhira paladin.

Pamene ndikuona cholakwa chenicheni ndi pa kusintha malamulo nthano ili mkati popanda kukufunsani. Munthu amene wamanga mtengambali kwa zaka 2 anamanga potengera pangano limene linalipo, ndipo DM amene akufuna kusintha panganolo ayenera kukhala pansi ndi onse poyamba. Bwererani kumasewera, ndipo mupemphe chimodzi mwa ziwiri: kuti paladin wanu amalize nthanoyi ali ndi Smite yakale, kapena kuti muloledwe kumumanganso kuyambira pachiyambi potengera buku latsopano. Matebulo ena anagwirizana pakati, kuti Smite itheke kamodzi pa danga koma isadye bonus action, ndipo ine tsopano ndimachita zomwezo.

FUNSO: Bambo mlembi, ine ndangoyamba kumene masewerawa ndipo buku la 2024 ndalikonda kwambiri chifukwa n'losavuta kuwerenga. Chondidabwitsa n'chakuti osewera akale akangomva dzina la kampaniyi amakwinya nkhope. Mkwiyo wonsewu ndi wa malamulo basi? — Wosewera watsopano

YANKHO: Achimwene, mwaona bwino, mkwiyowu uli ndi mizu imene sili m'buku limene mwagulalo. Mu 2000, pamene mndandanda wachitatu wa malamulo unkatuluka, kampaniyi inatulutsa chilolezo chotchedwa Open Game License, kapena OGL, chimene chinalola munthu aliyense kulemba ndi kugulitsa nthano, zilombo ndi mabuku ake potengera maziko a malamulowo popanda kulipira kanthu. Makampani ang'onoang'ono ndi olemba ambirimbiri anamanga moyo wawo pa chilolezo chimenechi kwa zaka zoposa 20. Pa 5 Januwale 2023 atolankhani a tsamba la nkhani la Gizmodo anaulula chikalata chimene chinasolomoka m'kampaniyi, chosonyeza kuti inkafuna kuthetsa chilolezo chakalecho n'kuika china chotchedwa OGL 1.1. M'chatsopanocho, wosindikiza aliyense wopeza ndalama zoposa $750,000 pachaka akanayenera kupereka magawo 25 pa 100 alionse a ndalama zopitirira pamenepo.

Olemba ambiri sakanafika n'komwe pa ndalama zimenezo, koma chimene chinawawa anthu n'chakuti lonjezo limene ankaliyesa losatha linaoneka kuti likhoza kufafanizidwa ndi kalata imodzi. Anthu anayamba kuleka kulipira D&D Beyond, imene Hasbro inali itangoigula chaka chapitacho pa $146.3 miliyoni, ndipo kampani ya Paizo inalengeza kuti ikonza chilolezo china chotchedwa ORC chimene sichidzakhala m'manja mwa kampani imodzi. Wizards inapepesa n'kutulutsa chikalata china chofewerapo, OGL 1.2, ndipo inafunsa maganizo a anthu. Oposa 15,000 anayankha, ndipo 89 pa 100 alionse anati sakukondwa ndi kuthetsedwa kwa chilolezo chakale. Pa 27 Januwale kampaniyi inagonja kotheratu: inasiya chilolezo chakale chili chomwecho, ndipo inaika maziko a malamulo a 2014 pansi pa Creative Commons, chilolezo cholola aliyense kuwagwiritsa ntchito mwaulere, kumene singathenso kuwabweza.

Zonsezi zinachitika pamene malamulo atsopano anali akuyesedwa, choncho anthu ambiri anatsegula buku la 2024 ali ndi bala kale. Bala lomwelo linatukusidwanso mu Ogasiti 2024, kampaniyi itanena kuti pa D&D Beyond matsenga a 2014 adzalowedwa m'malo ndi a 2024 pamapepala a atengambali, ngakhale kwa anthu amene analipira mabuku akale ndipo sankafuna kusintha. Patapita masiku ochepa inabwezanso mawu. Osewera akale kwambiri amakumbukiranso 2008, pamene mndandanda wachinayi unabwera ndi chilolezo chothina, zimene zinachititsa kuti Paizo itulutse masewera ake otchedwa Pathfinder mu 2009 n'kutenga khamu la anthu amene anakana kusamuka.

Ine ndimawamvetsa amene sakhulupiriranso kampaniyi, pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo sindingamunene munthu amene anasamukira ku masewera ena monga Pathfinder, Tales of the Valiant kapena Daggerheart. Koma ndimakana pamene mkwiyo wa 2023 ukugwiritsidwa ntchito poweruza tsamba limene munthu sanaliwerenge. Anthu amene analemba malamulo a fighter (wankhondo wamba) si amene analemba chikalata cha ndalama chija. Tiyeneranso kuvomereza kuti mu Epulo 2025 kampaniyi inasunga lonjezo lake poika maziko a malamulo atsopanowa pansi pa Creative Commons. Inu pitirizani kulikonda buku lanu, ndipo pa zakuti n'losavuta kuwerenga mukunena zoona: kumapeto kwake kuli mndandanda wa malamulo woikidwa motsatira alifabeti, chinthu chimene ife akale tinachisowa kwa zaka 10.

FUNSO: Akulu, mtengambali wanga woyamba anali half-elf, mwana wa munthu ndi elf (mtundu wina wa zolengedwa za m'nthanozi), ndipo ndinamusankha chifukwa inenso makolo anga ndi a mitundu iwiri. M'buku latsopano mulibe. Kodi amuchotseranji? — Wowerenga wokhumudwa

YANKHO: Achemwali, kalata yanu yandigwira mtima kuposa onse. Mu Disembala 2022 kampaniyi inalengeza kuti isiya mawu akuti race potchula mitundu ya atengambali ndipo m'malo mwake inaika species. Buku la 2024 lili ndi mitundu 10, kuphatikizapo orc, goliath ndi aasimar imene sinali m'buku la 2014, koma half-elf ndi half-orc palibe. Manambala owonjezera mphamvu, nzeru kapena changu, amene kale ankachokera ku mtundu, tsopano amachokera ku mbiri ya mtengambali, monga kuti anali msilikali, mlimi kapena wamalonda, ndipo mbiri zimenezi zilipo 16.

Cholinga chake ndikuchimvetsa ndipo ndikuchivomereza. Si bwino kuti masewera aziphunzitsa kuti mtundu wina umabadwa wanzeru ndipo wina umabadwa waukali, ndipo ndi zosangalatsa kuti orc tsopano akhoza kukhala katswiri wa matsenga popanda kutsalira m'mbuyo. Koma pochotsa atengambali a magazi awiri kampaniyi inaponda anthu omwewo amene inkafuna kuwalemekeza, chifukwa ambiri onga inu anadzionera okha mwa munthu amene ali wa kuno ndi wa uko, wolandiridwa theka mbali zonse ziwiri. Apa ndikuti inalakwitsa. Palinso dandaulo lina lomveka, lakuti unyolo unangochoka pa mtundu n'kupita pa mbiri, popeza mbiri iliyonse imangolola manambala atatu okha, moti munthu amakakamizika kusankha mbiri imene sikugwirizana ndi nthano ya mtengambali wake pofuna nambala yabwino.

Zonse ziwiri zili ndi mankhwala. Buku la 2024 lenilenilo limalola kugwiritsa ntchito mitundu ya m'mabuku akale, bola musatenge manambala ake owonjezera chifukwa mudzawapeza ku mbiri, ndipo Dungeon Master's Guide latsopano limafotokoza mmene DM angapangire mbiri yatsopano. Half-elf wanu ali ndi malo patebulo lililonse limene DM wake wawerenga masamba amenewo.

FUNSO: Bambo mlembi, kodi kudandaula konseku kumasintha kanthu, kapena kampani imangochita zimene inaganiza kale? — Wokayikira

YANKHO: Kumasintha, bambo, ndipo umboni ulipo. Kuyambira mu Ogasiti 2022, pamene ntchitoyi inkatchedwa One D&D, kampaniyi inkatulutsa malamulo oyesera n'kumafunsa maganizo a osewera kudzera m'kafukufuku. Lamulo loti zilombo zisamavulaze mowirikiza dayisi ikagwa pa 20 linakanidwa ndipo linatayidwa. Ganizo loti druid (wamatsenga a chilengedwe) azisandulika zinyama zitatu zokha zongopeka m'malo mwa zinyama zenizeni za m'buku linatayidwanso, chimodzimodzinso ganizo losintha kotheratu matsenga a warlock. Pamene sanamve ndi pa ranger, class ya mlenje wa m'tchire. Mphamvu zake zingapo anazimangirira pa tsenga limodzi la Hunter's Mark, limene limafuna kuti maganizo akhale pa ilo lokha, moti ranger akaliyatsa sangagwirenso matsenga ake ena ambiri abwino, ndipo mphoto yake ya levulo 20 ndi kungosintha dayisi ya tsengalo kuchoka pa mbali 6 kufika pa 10. Anthu amene akudandaula za ranger ali ndi mlandu womveka, ndipo ine ndili nawo limodzi.

FUNSO: Akulu, patebulo lathu atatu akufuna malamulo a 2024 ndipo awiri akukana. Tingasakanize mabuku onse awiri? — Gulu la anthu asanu

YANKHO: Mungathe, abale anga, koma muchite mwadongosolo. Mtengambali mmodzi asatole zokoma za mabuku onse awiri: ngati class yake ndi ya 2014 ikhale ya 2014 yonse, ndipo ngati ndi ya 2024 akhoza kutenga nthambi yakale imene sinalembedwenso, n'kuiyamba pa levulo 3. Malamulo a tebulo lonse, monga kudzidzimutsidwa, kutopa, kubisala ndi kugwirana, akhale a buku limodzi kwa aliyense, ndipo n'kosavuta kutenga a 2024 chifukwa atengambali akale amayenda bwino pansi pa iwo kusiyana ndi mmene atsopano angayendere pansi pa akale. A DM adziwe kuti atengambali a 2024 ndi amphamvupo, choncho wosewera amene watsalira pa 2014 angafunike kumupatsa feat (luso lapadera) imodzi yoyambira kuti asamaonerere anzake. Asamalenso ndi zilombo za m'buku la 2025, chifukwa zina, monga mmbulu, tsopano zimagwetsa munthu pansi zikangomuluma popanda kumupatsa mwayi woponya dayisi yodzitetezera.

Pamene mikangano yambiri idzabuke ndi pa matsenga amene ali ndi dzina limodzi koma mawu osiyana. Counterspell ya 2014 imathetsa tsenga lililonse la levulo 3 kutsika popanda funso, pamene ya 2024 imapatsa woponya tsengalo mwayi wodziteteza ndipo siimuwonongera spell slot yake (gawo la mphamvu limene tsenga limadya). Musanayambe nthano, patulani tsiku limodzi lopanda nkhondo, aliyense awerenge mokweza matsenga amene ali papepala lake, ndipo pambali pa tsenga lililonse alembepo ndi pensulo chaka chimene mwagwirizana, 2014 kapena 2024. Pepala lina lokhala ndi zimene mwagwirizanazo likhale kwa a DM, mkati mwa chikuto cha buku lawo.